Bulangete: liwu limene lidayamba ngati yunifolomu ya amphawi

Alipo mawu ena m'Chichewa chathuchi amene adabwera ngati alendo, koma adapempha malo, kumanga nyumba ndi kubereka ana, moti lero palibenso amene amawafunsa kwawo. Sopo, buledi, supuni, sukulu. Bulangete nalonso lili m'gulu lomweli. Mwezi wa Juni chisanu chikafika pachimake, mayi akamakuwira mwana kuti akaanule bulangete mame asanagwe, palibe amene amaganiza kuti pakulankhulidwa Chingerezi. Ndipotu Angerezi eni akewo ambiri sadziwa kuti nawonso liwuli adachita kubwereka.

Liwu loti blanket, kholo la bulangete lathuli, lakhala likulembedwa m'Chingerezi kwa zaka zoposa 700. Chodabwitsa n'chakuti poyamba silinkatanthauza chofunda ayi. Lidali dzina la mtundu wa nsalu, monga momwe ife timanenera kuti kaki kapena biriwita, nsalu yogula pa muyeso n'kukasoketsa malaya. Komanso nsaluyi sinali ya aliyense. Idali ya mmphawi, mpaka chaka china Nyumba ya Malamulo ya ku England idachita kulemba m'buku kuti waganyu wa kumunda ndi mbusa wa ng'ombe asavale nsalu yoposa imeneyi. Choncho kutsata mbiri ya liwuli n'kutsatanso mkangano wakale kwambiri: kodi mwini mphamvu yonena chimene munthu avale pathupi pake ndani?

Mlendo wochokera kutsidya

Mu 1066 William, mtsogoleri wa dera la Normandy kumpoto kwa France, adawoloka nyanja ndi asilikali ake n'kugonjetsa Mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings. Kuchokera pamenepo, kwa zaka pafupifupi 300, Chifalansa ndicho chidali chilankhulo cha kunyumba ya mfumu, cha kukhoti ndi cha mabwana eni minda, pamene Chingerezi chidatsalira anthu wamba. Ife amene tidakula tikuuzidwa kuti wophunzira amadziwika ndi Chingerezi tingamvetse msanga zimene zidachitika. Aliyense wofuna kuoneka wapamwamba ankathira Chifalansa polankhula, ndipo mawu zikwizikwi adalowa m'Chingerezi mwa njira imeneyi, makamaka a zakudya, a zamalamulo ndi a zamalonda.

M'Chifalansa chinthu choyera amati blanc. Akafuna kuchepetsa chinthu amawonjezera kamchira kumapeto kwa liwu, ngati mmene ife timaikira ka- kutsogolo kuti nyumba isanduke kanyumba. Motero kansalu koyera kadatchedwa blanchet cha ku Paris, koma cha kumpoto ankatchula ndi k. Angerezi adatola katchulidwe kakumpotoko, ndipo pofika cha m'ma 1300 liwu loti blanket lidayamba kuoneka m'zolembedwa zawo.

Kuyera kumene tikunenaku si kwa choko kapena kwa malaya a namwino. Ndi kuyera kwa mbuu, kwa ubweya monga momwe wachokera pamsana pa nkhosa, utangochapidwa basi. Kunena kuti nsalu ndi blanket kudali kunena kuti sidanyikidwe mu utoto uliwonse. Sikuti Angerezi adalibe liwu lawolawo. M'Chingerezi chakale mudali liwu loti hwitel, lochokera ku hwit, kutanthauza choyera, ndipo linkanena nsalu yofunda kapena yokolekera pamapewa. Mawu awiri, tanthauzo limodzi. Koma limene lidachokera m'chilankhulo cha mabwana ndi amalonda ndilo lidapambana, linalo lidatsalira kumidzi mpaka kuiwalika.

Chuma cha pamsana pa nkhosa

Kuti timvetse chifukwa chake nsalu yosanyika idali ya amphawi, tiyenera kudziwa chimene ubweya udali ku England m'masiku amenewo. Udali chimene fodya wakhala kwa ife. Mitolo ya ubweya inkakwera zombo kupita ku mizinda ya ku Flanders monga Ghent, Ypres ndi Bruges, ina mpaka ku Florence, ndipo msonkho wake ndiwo unkalipirira mafumu nkhondo zawo. Mpaka lero wapampando wa nyumba ya mabwana, House of Lords, amakhala pa chimtsamiro chofiira chodzaza ndi ubweya, chotchedwa Woolsack, pokumbukira kumene chuma cha dzikolo chidachokera.

Ena mwa alimi akuluakulu a nkhosa adali amonke a chipani cha Cistercian, a ku Fountains ndi ku Rievaulx m'dera la Yorkshire. Iwowa ankavala mikanjo ya ubweya wosanyika posonyeza kudzichepetsa, n'chifukwa chake ankatchedwa amonke oyera. Adavala ngati amphawi, koma nkhosa zawo zikwizikwi zidawalemeretsa koposa anthu ambiri ovala zofiira.

Ntchito yosandutsa ubweya kukhala nsalu idali yaitali. Akameta nkhosa, ubweya ankausankha, kuuchapa ndi kuupesa. Amayi ndiwo ankapota ulusi, ndipo pankafunika opota angapo kuti woomba nsalu mmodzi asakhale manja lende. Nsalu ikachoka kwa woomba inkaikidwa m'madzi osakaniza ndi dothi lina lochotsa mafuta, nthawi zina ndi mkodzo wogonetsa, ndipo amuna ankaipondaponda ndi mapazi kuti ifinyike ndi kulimba. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1100 kudayamba kuoneka makina oyendetsedwa ndi madzi a mumtsinje, okhala ndi nyundo zamitengo zogwira ntchito ya mapazi ija. Kenaka nsalu ankaikoka pa mafelemu a ngowe kuti iume mowongoka, kuikwecha ndi zitsotso zaminga za chomera chotchedwa teasel kuti iturutse tsitsi, n'kuimeta ndi chisizasi chachikulu. Maina a Angerezi ambiri amene timawamva lero adachokera ku ntchito zimenezi: Weaver ndi Webster adali oomba, Fuller, Walker ndi Tucker adali opondaponda, Dyer adali wonyika.

Sitepe iliyonse inkawonjezera mtengo, koma palibe inkawonjezera ngati utoto. Wobiriwira ngati thambo unkachokera ku masamba a woad, wofiira wamba ku mizu ya madder. Wofiira wa mafumu unkachokera ku tizilombo ting'onoting'ono totchedwa kermes, timene tinkatoledwa pa mitengo ku Spain, ku Portugal ndi kumwera kwa France. Tikauma tinkaoneka ngati timbewu, choncho ankangotitcha grain. Mu 1303, pamene Mfumu Edward I idagwirizana ndi amalonda akunja za misonkho, nsalu zidagawidwa potengera utoto womwewu: yonyikidwa mu grain inkalipira masheleni awiri, yonyikidwa pang'ono mapeni 18, yopanda grain mapeni 12.

Pamwamba pa zonse padali nsalu yotchedwa scarlet, yosalala ngati silika, yovala mafumu, makadinala ndi oweruza. Onani mmene mawu awiriwa adasemphanirana panjira. Scarlet lidayamba ngati dzina la nsalu, lero ndi dzina la mtundu wofiira. Blanket lidayamba ndi mtundu woyera, lero ndi dzina la chinthu chimene chingakhale chofiira, chamizeremizere kapena chojambulidwa kambuku, wogula osaona chachilendo.

Nthano ya bambo Blanket

Mukafunsa anthu ena a ku Bristol adzakuuzani kuti bulangete adalitulukira ndi munthu wa kwawo, Thomas Blanket, amene akuti tsiku lina kutazizira adatenga nsalu yosamalizidwa n'kufunda. Nthanoyi ndi yokoma, ndipo munthuyo adalipodi. Mu 1337 Mfumu Edward III idaletsa kuitanitsa nsalu zakunja n'kuitana amisiri a kutsidya kuti adzakhazikike ku England, pofuna kuti dzikolo lisiye kugulitsa ubweya wosaphika n'kumagulanso nsalu yake pa mtengo wokwera. Mu 1339 mfumuyo idalembera akuluakulu a mzinda wa Bristol kuti asiye kuvutitsa Thomas Blanket ndi anzake amene adaika zida zoombera nsalu m'nyumba zawo n'kulemba antchito.

Vuto la nthanoyi ndi limodzi: liwu lidalipo kale bamboyu asanatchuke. N'kutheka kwambiri kuti zidachitika mosemphana, kuti banjalo ndilo lidatenga dzina ku nsalu imene linkagulitsa, monga momwe kwathu kuno munthu wogulitsa makala amathera kutchedwa a Makala, ana ake n'kulembetsa dzinalo kusukulu. Anthufe timakonda kuti chinthu chilichonse chikhale ndi mwini wake amene tingamuloze. Koma nsalu ya amphawi ilibe woitulukira. Idaombedwa ndi manja ambirimbiri amene palibe adalemba maina awo.

Lamulo la 1363

Mu 1348 ndi 1349 mliri woopsa wotchedwa Black Death udasesa England. Mwa anthu atatu aliwonse, mmodzi kapena kuposerapo adamwalira. Minda idatsala, ng'ombe zidatsala, koma manja olima adachepa. Kwa nthawi yoyamba waganyu adatha kuyang'ana bwana m'maso n'kunena kuti ndalama imeneyo yachepa, ndipita kwa mnzanu. Mabwana adathamangira ku malamulo. Mu 1349 ndi 1351 adalamula kuti malipiro abwerere pamene adali mliri usanagwe, ndipo wokana ntchito amangidwe. Sizidaphule kanthu kwenikweni, chifukwa mabwana omwewo ankalipira mobisa kuti tirigu wawo asawolere m'munda.

Munthu akapata kangachepe, choyamba amathetsa njala, chachiwiri usiwa. Antchito adayamba kugula nsalu zonyika, malamba okongola ndi nsapato zabwino. Kutchalitchi kudayamba kuvuta kusiyanitsa wantchito ndi bwana wake, ndipo izi zidawawa akuluakulu koposa malipiro aja. Mu 1363 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la zakudya ndi zovala, lodandaula kuti anthu akuvala mopyola msinkhu wawo ndipo akuwononga dziko.

Lamuloli lidandandalika anthu kuyambira pamwamba mpaka pansi, gulu lililonse ndi mtengo wa nsalu yake. Antchito a m'nyumba za mabwana adauzidwa kuti nyama kapena nsomba azidya kamodzi patsiku. Amisiri adaletsedwa silika, siliva ndi golide, ndipo akazi awo adaloledwa zikopa za mwanawankhosa, kalulu, mphaka ndi nkhandwe zokha. Pansi penipeni padali oyendetsa ngolo, olima ndi pulawo, abusa a ng'ombe, a nkhosa ndi a nkhumba, opuntha tirigu, ndi aliyense amene katundu wake yense sankafika masheleni 40. Amenewa adalamulidwa kuvala nsalu ziwiri zokha, blanket ndi russet, ya mtengo wosapitirira mapeni 12 pa muyeso wa ell, umene ndi mita imodzi ndi kachidutswa. Russet idali mnzake wa blanket, nsalu yokhakhala yotuwa kapena yofiirira ngati dothi. Ngakhale lamba wa m'chiuno adati akhale wa nsalu wamba.

Apa ndiye liwu lija lidapeza tanthauzo lachiwiri limene silidalembedwe m'buku lotanthauzira mawu. Blanket tsopano sinalinso nsalu yoyera chabe. Idasanduka chizindikiro, chakuti munthu akamabwera patali, adziwike msanga kuti uyu ndi wosafunika kumuvulira chipewa. Ife a ku Malawi sitingadabwe kwambiri kumva boma likulowerera m'sutukesi ya munthu, poti kuyambira 1973 mpaka 1993 tidali ndi lamulo lathu loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi.

Lamulo la ku England lija silidakhalitse. Mu 1365 lidafafanizidwa, patangopita zaka ziwiri. Ndani akadaima pa msika uliwonse kuyeza malaya a mbusa aliyense? Komanso ogulitsa nsalu sakadakondwa kuona makasitomala atsopano akuthamangitsidwa. Koma mtima umene udabala lamulolo sudafe. Malamulo ena a zovala adabweranso mobwerezabwereza mpaka m'nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I, ndipo mkwiyo wa anthu a pansi aja udaphulika mu 1381, pamene alimi a ku Kent ndi ku Essex adalowa mu London ndi zida m'manja.

Kuchoka pamsana kupita pabedi

M'zaka za m'ma 1300 zomwezo liwuli lidayamba kale kugwira ntchito ina. Nsalu yosanyika, yokhuthala ndi yotsika mtengo ndi yoyenera kufunda usiku, pamene palibe wokuona. M'makalata a chuma cha masiye a nthawi imeneyo mumapezeka mabulangete, kawirikawiri awiriawiri, atalembedwa pamodzi ndi mashiti ndi mapilo. Pang'onopang'ono nsalu zina zotsika mtengo zidalanda msika wa zovala, ndipo blanket lidatsala ndi tanthauzo limene tikulidziwa lero.

Tauni imene idatchuka ndi ntchitoyi ndi Witney, pafupi ndi Oxford, m'mbali mwa mtsinje wa Windrush. Mu 1669 mnyamata wina, Thomas Early, adayamba kuphunzira kuomba mabulangete kumeneko, ndipo banja lake lidagwira ntchitoyi kwa zaka zoposa 300. Mu 1711 Mfumukazi Anne idavomereza bungwe la oomba mabulangete a ku Witney, ndipo mu 1721 adamanga nyumba yotchedwa Blanket Hall, kumene bulangete lililonse la m'deralo linkayenera kupimidwa pasikelo ndi kuyezedwa lisanapite kumsika. Fakitale yomaliza ya mabulangete m'tauniyi idatsekedwa mu 2002.

Ngakhale lidakwera pabedi la olemera, liwuli silidasambe fungo la umphawi. William Shakespeare, m'sewero lake la Macbeth, adayerekeza mdima wa usiku ndi bulangete lophimba dziko kuti kumwamba kusaone mlandu wakupha. Mu 1751 Samuel Johnson, katswiri amene pambuyo pake adatulutsa buku lotchuka lotanthauzira mawu a Chingerezi, adalemba m'nyuzipepala yake ya The Rambler kuti liwu lotsika chonchi pamalo olemekezeka otero lidatsala pang'ono kumuseketsa. Kwa iye lidali liwu la kuchipinda cha antchito, losayenera ndakatulo. Lamulo la 1363 lidali litafa zaka pafupifupi 400 m'mbuyomo, koma makutu a ophunzira adali akulisungabe.

Chingerezi cha masiku ano chidapachika matanthauzo enanso pa liwuli. Lamulo lophimba aliyense mosasankha amati blanket ban. Munthu woziziritsa chisangalalo cha anzake amati wet blanket, pokumbukira bulangete lonyowa limene ankazimitsira moto. Mwana wobadwa kunja kwa ukwati ankati wabadwira kumbali yolakwika ya bulangete.

Katundu wa zombo

Angerezi atayamba kuyenda panyanja kufunafuna misika, bulangete lidali m'gulu la katundu woyamba kukwera chombo. Silisweka, siliwola msanga, ndipo kulikonse kumene kuli usiku lili ndi wogula. Ku Canada, kampani ya Hudson's Bay, imene idakhazikitsidwa mu 1670, inkasinthanitsa mabulangete ndi zikopa za kanyama ka m'madzi kotchedwa beaver, kamene ubweya wake ankapangira zipewa ku Ulaya. Kuyambira cha m'ma 1780 kampaniyi inkaitanitsa ku Witney mabulangete okhala ndi timizere m'mphepete tosonyeza kukula kwake, ndipo eni dziko ankawasoka kukhala majasi. Nsalu ija idabwereranso pamsana.

Mbiriyi ili ndi tsamba lakuda. Mu Juni 1763, pa linga la Fort Pitt, pamene lero pali mzinda wa Pittsburgh, Angerezi atazingidwa ndi eni dziko adapereka kwa nthumwi za mtundu wa Lenape mabulangete awiri ndi kampango zochokera m'chipatala cha odwala nthomba. Wamalonda wina wa m'lingamo, William Trent, adalemba yekha m'buku lake kuti ankayembekeza kuti mphatsoyo igwira ntchito yake. Mpaka lero, kwa ena mwa eni dziko la America, bulangete la mzungu ndi chikumbutso cha ubwenzi wa chiphamaso.

Makina atabwera, mtengo udatsikiratu. Cha m'ma 1813 Benjamin Law wa ku Batley, ku Yorkshire, adapeza njira yogaya sanza za zovala zakale n'kuzisakaniza ndi ubweya watsopano. Tingati kaunjika wa nthawi imeneyo, koma wogayidwa. Nsalu yotere inkatchedwa shoddy, liwu limene lero m'Chingerezi limatanthauza chinthu chachabechabe. Matauni a Batley ndi Dewsbury adalemera ndi mabulangete otsika mtengo a asilikali, a m'ndende ndi a misika ya kumaiko olamulidwa ndi Britain.

Ku Lesotho, dziko la mapiri ndi chipale, amati Mfumu Moshoeshoe I idalandira bulangete kwa wamalonda wina cha m'ma 1860 n'kuyamba kulikoleka m'malo mwa chikopa. Abasotho adalitenga n'kulisandutsa chovala cha fuko lawo, cha paukwati, pachinamwali ndi pamsonkhano wa mafumu, ndipo lotchuka kwambiri ndi la Seanamarena. Chimene ku England chidali chizindikiro cha mbusa, kumeneko chidakhala chovala cha mfumu.

Kwathu kuno makolo ankathana ndi chisanu ndi zikopa, nyanda, mfumba, nsalu za thonje zoomba pamanja ku chigwa cha Shire, ndi moto wa pakati pa nyumba. Bulangete lidabwera ndi amishoni, masitolo a Mandala a kampani ya African Lakes imene idayamba mu 1878, ndi masitolo a amwenye. Koma amene adalifikitsa m'mudzi uliwonse ndi amuna opita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi ku mafamu a ku Halale. Munthu wobwera ku Joni wopanda bulangete la amayi ake m'bokosi ankaoneka kuti adangokataya nthawi. Lilime lathu silikonda zilembo ziwiri zogundana, ndiponso silimaliza liwu popanda a, e, i, o kapena u, choncho blanket lidasanduka bulangete, n'kulowa m'gulu la maina otenga ma- pochulukitsa. Liwu loti gombeza lilipo, koma m'tauni likumveka mwa apo ndi apo, monga zidachitikira hwitel uja. Akuluakulu adati nsalu yobwereka siithetsa usiwa, koma liwu lobwereka lokha ndiye lidakhazikika.

Chovala cha okana

Tsopano tibwerere ku funso lija la mwini mphamvu pa chovala cha munthu, chifukwa katatu konse m'zaka zoposa 200 zapitazi bulangete laonekera pakati pa mkangano wa anthu wamba ndi boma.

Nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815, buledi adakwera mtengo ku England pamene malipiro a oomba nsalu adagwa. Pa 10 Malichi 1817 anthu zikwi zingapo adasonkhana pa bwalo la St Peter's Field ku Manchester, atakonza zoyenda pansi mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kupita ku London kukapereka madandaulo awo kwa mwana wa mfumu amene ankalamulira m'malo mwa bambo wake wodwala. Aliyense adanyamula bulangete kumsana loti azifunda panjira, choncho adatchedwa Blanketeers. Asilikali a pamahatchi adawabalalitsa, ambiri adamangidwa asanapitirire Stockport, ndipo ulendowo udathera m'njira. Patapita zaka ziwiri, pa 16 Ogasiti 1819, pa bwalo lomwelo, asilikali adathamangitsira mahatchi m'khamu la anthu ofuna ufulu wovota n'kupha anthu osachepera 15.

Mu 1976 boma la Britain lidasiya kuona akaidi a gulu la IRA ku Northern Ireland ngati akaidi a ndale, n'kulamula kuti azivala yunifolomu ya ndende ngati mbava ina iliyonse. Mu Seputembala chaka chomwecho mnyamata wina, Kieran Nugent, atafika ku ndende ya Maze adakana yunifolomuyo. Adamusiya m'chitokosi ali maliseche, ndipo iye adatenga bulangete la pabedi n'kudzikulunga. Anzake mazana angapo adamutsatira, n'kukhala zaka ali m'mabulangete okhaokha, chilimwe ndi chisanu chomwe. Mkanganowo udafika pa sitalaka ya njala ya 1981, imene idapha akaidi khumi, woyamba Bobby Sands, amene adasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ali m'ndende momwemo. Sitalakayo itatha, mu Okutobala 1981, boma lidalola akaidi kuvala zovala zawo. Mu 1363 boma lidauza mmphawi kuti avale blanket kuti adziwe malo ake. Patapita zaka 613, mkaidi adavala blanket pokana malo amene boma lidamupatsa.

Kachitatu ndi kufupi ndi kwathu. Mu Ogasiti 2012 anthu ogwira ntchito pa mgodi wa kampani ya Lonmin ku Marikana, ku South Africa, adanyanyala ntchito pofuna malipiro a R12,500 pamwezi. Pa zithunzi zimene zidazungulira dziko lonse padali mwamuna wina woboola miyala, Mgcineni Noki, atakoleka bulangete lobiriwira pamapewa, akulankhula ndi apolisi m'malo mwa anzake. Anthu asanadziwe dzina lake ankangoti bambo wa bulangete lobiriwira. Pa 16 Ogasiti apolisi adaombera ndi kupha anthu 34, ndipo iye adali mmodzi mwa iwo.

Pa zaka 700 zimenezi liwuli lasintha tanthauzo kangapo: mtundu woyera, nsalu ya pa muyeso, chovala cha mbusa, chofunda, katundu wa malonda, chovala cha mfumu ya ku mapiri, mbendera ya okana. Chimene sichidasinthe kwenikweni n'chakuti limayendabe pafupi ndi anthu amene alibe zambiri. Madzi akasefukira ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kapena mapiri akagumuka monga zidachitikira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, pa mndandanda wa thandizo bulangete limakhala pafupi ndi ufa ndi ndowa, ndipo pachithunzi cha m'nyuzipepala pamakhala wopereka atavala suti, wolandira atagwada. Nyumba ya Malamulo ya 1363 ikadaona chithunzi chotero sikadafunsa kuti bwana ndi uti.